Chibokosi Chimene Apongozi Anasankha

1

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, aliyense wobwera pagalaja pathu kudzafunsa za galimoto za fowilo, zoyenda m'misewu yoipa zija, ankabwerera ndi yankho limodzi.

"Gulani yakale," ndinkatero. "Ya chibokosi ija. Ilibe kompyuta, ilibe matama. Ikakuferani kutchire, waya ndi sipanala basi, yadzuka."

Ndinkanena kawirikawiri mpaka anzanga a ntchito ananditcha Mlaliki.

Galajayo ndi ya apongozi anga aamuna. Ndinafika pakhomo pawo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, osatha n'kusiyanitsa komwe sipanala ya teni ndi ya thwelofu. Anandiphunzitsa kumasula injini, anandiphunzitsa kuwotcherera zitsulo, pamapeto pake anandilola kukwatira mwana wawo woyamba. Nyumba yomwe ndinkakhala ndi mkazi wanga ndi ana athu awiri inali kuseri kwa galaja, pamalo awo omwewo. Chilichonse chomwe ndinkachitcha changa chinadzera m'manja mwawo.

Maso atayamba kuwavuta anandisiyira ntchito, n'kugula munda kuphiri. Msewu wopita kumeneko ndinkaudziwa: wamiyala, wokhotakhota, mbali ino phiri, mbali inayo phompho.

"Akamwini," anandiitana Lachiwiri lina m'mawa. Chikwatirireni mwana wawo ankanditchula choncho, mwaulemu. "Vulani ovolosiyo. Ndapeza galimoto ziwiri, mukandisankhire."

Ndinasamba m'manja ndikuimba mluzu. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya ola limodzi.

2

Kumalo ogulitsira galimoto zakale tinalandiridwa ndi fumbi, agalu awiri ogona pansi pa lole yopanda matayala, ndi wogulitsa wamimba yaikulu amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Madala, tayambirani iyi," anatero akupukuta boneti ya galimoto yasiliva ndi mpango. "Mtundu wake ndi umodzi ndi inayo, koma iyi ndi modelo yobwera pambuyo. Magiya imasintha yokha. Masipuling'i ake ndi ofewa, mukadutsa pamwala mumangomva ngati mwaponda pilo. Mphepo yozizira ikugwira. Amayi akakwera iyi sadzafunanso kutsika."

Apongozi analiza injini. Kanyale kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, osazima.

"Nanga aka?"

"Aka n'kaulemu chabe, madala. Kakukupatsani moni."

Apongozi anaseka, n'kulunjika pa inayo. Inali yoyera, yamakona anayi ngati bokosi, yamagiya osintha ndi dzanja, injini ya dizilo yopanda kompyuta, masipuling'i azitsulo zosanjikiza. Atailiza, pansi panagwedezeka.

"Tamverani, akamwini," anatero atatsinzina. "Iyi ndiye injini. Ikulankhula chilankhulo chomwe ndimachimva."

Ndinazungulira kuti nditsegule chitseko cha mbali ya wokwera. Dzanja langa litafika pachogwirira, linaima. Chogwiriracho chinali cha galimoto ya mtundu wina, chomangidwa ndi mabawuti awiri osafanana, wina wamkulu, wina wamng'ono. Ndinasuzumira mkati. Pamwamba pa chitseko panali kamzere kosonyeza kuti malata anawongoledwa ndi hamala. Munthu wamba sakanakaona.

Penti anali atasintha. Kale inali yobiriwira. Koma chogwiriracho ndinamanga ndine.

"Mwatani? Mwaona njoka?" anafunsa apongozi.

"Bambo," ndinatero, "ine ndikuona kuti titenge yasilivayo."



3

Lamlungu masana tinasonkhana kunyumba yaikulu kumwa tiyi. Panali apongozi onse awiri, mkazi wanga, ndi mng'ono wake amene tonse timamutcha Chitsirizira. Iyeyu ndi mphunzitsi, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo amayenda motsimphina chichitireni ngozi ya minibasi. Ukwati wake unali utatsala milungu isanu ndi umodzi, moti m'nyumbamo munali nsalu ndi makadi paliponse.

"Mwamva zachitika?" apongozi aamuna anauza onse akuthira shuga. "Mlaliki wasintha mpingo."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

"Ndikuganizira Amayi," ndinatero. "Msana wawo uja. Chibokosi chimadumpha ngati bulu. Akafika kumunda adzafunika kuwanyamula."

"Msana wanga musaugwiritse ntchito, akamwini," anayankha apongozi aakazi. "Ndakhala ndi bambowa zaka makumi anayi. Kudumpha ndinazolowera."

"Yakaleyo imadya mafuta."

"Yatsopanoyo imadya chiyani, madzi?" anafunsa apongozi aamuna.

"Mabuleki ake ndi achikale, Bambo. Potsika phiri..."

"Potsika phiri ndimagwira ndi giya, munaphunzira kwa ine zimenezo." Anaika kapu pansi. "Tandiuzani. Kanyale kachikasu kaja kakandiyakira pakati pa phiri, injini n'kuzima, foni osagwira, ndidzaitana ndani? Sipeya wake ndikamupeza kuti? Wa chibokosi ali pamsika uliwonse, ngakhale wogulitsa tomato akhoza kukulozerani."

Anali mawu anga omwe, a zaka khumi ndi ziwiri, akundibwerera limodzilimodzi.

Pobwerera kwathu, mkazi wanga anandigwira mkono tili pakati pa milu ya matayala.

"Abambo ake, wogulitsa uja wakulonjezani kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye n'chiyani? Chiyambire Lachiwiri chakudya mukungochitosatosa. Galimoto imeneyo inakulakwirani chiyani?"

"Ndangoiona kuti yatopa."

"Mwatopa ndinu," anatero, n'kundisiya.

Lolemba apongozi anabwera ndi chibokosi chija okha, akuliza hutala kuyambira kumsewu. Antchito anaomba m'manja. Chitsirizira, amene anadzera kudzatenga nsalu, anaitanidwa kuti adzakwere ayese mpando, koma anati mwendo ukumupweteka, galimotoyo yatalika.

Pasanathe ola, foni yanga inalira m'thumba. Uthenga unachokera ku nambala yomwe ndinaisunga ndi dzina loti Wa Mabatire, nambala yomwe inali itakhala chete zaka zinayi.

"Ndaizindikira. Chonde musanene kanthu."

4

Tsopano ndikuuzeni chomwe chinali pansi pa galimotoyo.

Zaka zinayi m'mbuyomo, apongozi ali m'chipatala kuchitidwa opaleshoni ya maso, bambo wina woyeza malo anatisiyira chibokosi chobiriwira kuti tichikonze mabuleki. Iye ankapita kunja kwa miyezi iwiri. Makiyi anali m'thumba mwanga, mwini galaja kulibe, mkazi wanga ankakhalira kuchipatala kudwazika bambo ake.

Loweruka lina ndinati ndikukasaka sipeya kutali. Ndinatenga chibokosicho, ndipo sindinali ndekha. Ndinali ndi mkazi amene sanali mkazi wanga. Zathu zinali zitatha miyezi isanu. Kuti anali ndani ndikuuzani nthawi ikakwana, poti ngakhale lero cholembera chikulemera ndikafika pamenepa.

Pamsewu wafumbi wopanda anthu anandipempha kuti ndimuphunzitse kuyendetsa. Ndinamupatsa chiwongolero. Tinkaseka. Pokhota anaponda moto m'malo mwa buleki, tayala lakutsogolo linamenya mwala waukulu, galimoto n'kugwa cham'mbali m'ngalande yakuya.

Ndinaikoka ndi lole ya mnzanga, n'kuitsekera m'shedi ya kuseri kwa galaja. Malata ndinawongola, chitseko ndinakonza, penti ndinapopera. Koma chasisi, chitsulo chachikulu chomwe chimanyamula galimoto yonse, chinali chitang'aluka pamalo pomwe pamamangidwa bokosi la chiwongolero.

Apongozi ali ndi lamulo limodzi lomwe wantchito aliyense amaliphunzira sabata yoyamba: chasisi ikang'aluka pa chiwongolero, sitiwotcherera, timasintha. Chitsulo cha pamenepo chimapindika tsiku lililonse, ndipo chowotcherera chimadzasiya tsiku lomwe sukuliyembekezera. Chikasiya, chiwongolero chimangozungulira m'manja, matayala osamva.

Ine ndinawotcherera. Ndinapaka phula wakuda pamwamba, n'kuwaza fumbi kuti paoneke pakale. Mwini wake atabwera anandiyamika kuti galimoto ikuwala. Patapita miyezi ndinamva kuti anaigulitsa, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Mwina mukuti, bwanji sunangouza apongozi kuti wapeza mng'alu poyendera galimotoyo? Ndinaganiza zimenezo kambirimbiri. Koma kuwotcherera kuli ngati kulemba pamanja, aliyense ali ndi kalembedwe kake. Apongozi amayendetsa ndodo yowotcherera mokhotetsa ngati mamba a nsomba, n'kutsekera kumapeto ndi kadontho. Anthu owotcherera choncho tilipo awiri okha. Akanangopala phula uja, akanawerenga dzina langa.

5

Ndinaganiza zoikonza mwakachetechete. Koma ntchitoyo inkafuna masiku awiri, kumasula chiwongolero chonse, ndipo apongozi sankachoka pambali pa galimoto yawo. Ankafika m'mawa ndi kampando, kusintha oyilo okha, kupukuta magalasi, makiyi atawamangirira palamba.

"Bambo, ndisiyireni masiku awiri ndiiyendere bwinobwino."

"Muli ndi galimoto za makasitomala zisanu ndi imodzi. Iyi ndi yanga, ndiseweretseni."

Lachitatu masana anapita kukametetsa. Galimoto inali pamwamba pa dzenje lokonzera. Ndinatsika ndi tochi, n'kupala phula pang'ono ndi chikhadabo. Pambali pa chowotcherera changa panali kamzere kofiira ndi dzimbiri, kopyapyala ngati tsitsi, kotalika ngati chala. Mng'alu unali utayambiranso. Ndinamata phula uja ndi chala changa chomwe.

Ulendo woyamba wakumunda unakonzedwa kuti udzakhale Loweruka. Lachinayi ndinachita chinthu chamanyazi: ndinamasula kawaya kopita ku pampu ya dizilo kuti galimoto ikane kulira, ndipeze chifukwa choigonekera m'shedi. Apongozi anapotokola kiyi kawiri, anatsegula boneti, anapapasa ndi zala osavala n'magalasi omwe. Mphindi zisanu sizinakwane.

"Mwaona, akamwini?" anafuula injini ikugunda. "Waya ndi sipanala basi! Ikanakhala yasiliva ija bwenzi tikuitana munthu wa laputopu."

Antchito anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinalowa m'chipinda chosungira zida, n'kutseka chitseko. Ndinalembera Wa Mabatire.

"Chitsulo chija chang'alukanso. Sichipirira msewu wa kuphiri."

"Konzani mwanjira ina. Ndinu makaniko."

"Sakundipatsa mpata."

"Mukanena, mwandipha. Mwaphanso banja lanu. Dikirani milungu isanu yokha."

"Akupita mkuja, Loweruka."



Lachisanu ndinauza apongozi kuti ndiyendetsa ndine. Ndinkaganiza kuti ndikayenda pang'onopang'ono, ndikazemba maenje, mwina tikafika. Anakana.

"Loweruka ndi tsiku la makasitomala. Inu tsalani. Ndiyendetsa ndekha, masana maso anga amaona bwino."

Ndikanena, ndataya mkazi, ana, ntchito, nyumba ndi bambo yekhayo amene ndinamudziwa. Ndikakhala chete, mwina palibe chichitike. Mawu oti mwina amenewo ndinawagwira ngati munthu womira agwira udzu.

6

Loweruka m'mawa dzuwa linawala bwino. Anakweza makasu, mbewu, madzi m'zigubu ndi matumba anayi a feteleza. Ndinkawerenga kulemera kwake mumtima. Apongozi aakazi anakwera kutsogolo ndi pilo wawo. Chitsirizira anabwera kudzatsala ndi nyumba, ataima pakhonde, manja atapinda pachifuwa.

Kenako ndinaona mkazi wanga akutuluka kwathu ndi chikwama, ana athu awiri akuthamanga patsogolo pake.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa.

"Kumunda. Agogo awo awaitana akaone mbuzi. Mwaiwala?"

Sanandiuze, kapena anandiuza ine maganizo ali kwina. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakwera kumbuyo n'kukanikiza mphuno pagalasi akundipanga nkhope zoseketsa. Injini inalira. Apongozi analowetsa giya.

Sindikumbukira kuyenda. Ndinangopezeka nditaima kutsogolo kwa galimoto, manja onse awiri pa boneti.

"Bambo, zimitsani."

"Akamwini, mwayambanso?"

"Zimitsani. Onse atsike. Ikwezeni padzenje."

Nkhope yanga iyenera kuti inanena zomwe pakamwa panalephera, chifukwa anazimitsa. Onse atatsika, anaiyendetsa okha mpaka padzenje. Tinatsikira limodzi. Ndinawapatsa tochi, ndinatenga chopalira, n'kuchotsa phula yense.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anazimitsa tochi, n'kuyendetsa chala pa chowotcherera chija kuyambira poyambira mpaka pa kadontho kakumapeto.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero motsitsa. "Iwe."

Chikwatirireni anali asananditchulepo iwe.

Tinatuluka m'dzenjemo. Onse anali ataima mozungulira. Apongozi aakazi anatenga ana n'kulowa nawo m'nyumba.

"Liti?" anafunsa apongozi aamuna.

"Muli m'chipatala, Bambo. Inali ya kasitomala."

"Chitsulo ichi sichithyoka ndi bampu. Inagwa. Kasitomala anabwera nayo itagwa?"

Bodza linali pa lilime, lokonzeka. Ndikanati inde, nkhani ikanathera pa lamulo lophwanyidwa.

"Ayi. Inagwa ili m'manja mwanga."

"Iwe sugwetsa galimoto. Ndinakuphunzitsa ndine. Ankayendetsa ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Mkazi wanga anayandikira.

"Nthawi imene Bambo anali m'chipatala," anatero pang'onopang'ono, ngati akuwerenga chikwangwani chakutali. "Loweruka lomwe munapita kukasaka sipeya. Munabwera Lamlungu, mukuyenda mogwira nthiti. Abambo ake, munali ndi ndani?"

"Ndinkayendetsa ndine."

Mawuwo anachokera pakhonde. Chitsirizira anatsika masitepe, akukoka mwendo wake uja.

"Kunalibe minibasi, achemwali. Ndinathyokera m'galimoto iyi. Wa lole wina ananditengera kuchipatala, alamu anatsala ndi galimoto. Za minibasi tinapangana."

Mkazi wanga sanakuwe. Anayang'ana mng'ono wake, n'kuyang'ana ine.

"Milungu isanu ndi itatu," anatero. "Ndinkachoka pabedi la Bambo kupita pabedi lako. Ndinkakusambitsa. Ndinkakutayira mtsuko. Ndikafika kunyumba, awa n'kumandifunsa kuti mlamu wanga ali bwanji lero."

Anatola chikwama chake n'kulowa m'nyumba ya makolo ake, osati yathu.

Apongozi anatambasula dzanja. Ndinadziwa chomwe ankafuna. Ndinamasula makiyi a galaja palamba wanga n'kuwapatsa.

"Masiku angati ukudziwa?"

"Khumi ndi awiri."

"Ndipo unandisiya ndikweze mkazi wanga."

"Inde, Bambo."

"Ukanaima kutsogoloko anawo akanapanda kukwera?"

Sanadikire yankho langa.

7

Papita chaka ndi miyezi itatu. Ndimakhala m'chipinda chimodzi cha lendi pafupi ndi depoti ya mabasi, komwe ndimagwira ntchito yosintha mabuleki pansi pa kapitawo wochepa kwa ine ndi zaka khumi. Ana ndimawaona Lamlungu masana. Amawabweretsa pageti ndi agogo awo aakazi, amene amandiyankha moni koma osandiyang'ana kumaso.

Chitsirizira anakauza yekha mwamuna amene ankati akwatirane naye tsiku lomwelo. Ukwati unaimitsidwa, kenako unatheratu. Anapempha kusamutsidwira kusukulu yakutali. Iye ndi mkulu wake sanalankhulanebe.

Mkazi wanga sanapite kukhoti, komanso sanandiitane. Ndinamulembera makalata atatu. Anayankha imodzi, ndi mzere umodzi: "Nsapato za mwana zathina, saizi yake tsopano ndi thwelofu." Ndinagula tsiku lomwelo.

Apongozi anagula chasisi ina kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa, n'kusamutsira galimoto yonse pamenepo. Zinawatengera miyezi itatu. Ndimamva kuti amapita kumunda Loweruka lililonse.

Owerenga anzanga, ena amene anamva nkhaniyi amandiuza kuti ndinachita chamuna, ndinapulumutsa banja. Chonde musandiveke ulemu umenewo. Ndinakhala chete mpaka injini italira, ndipo chomwe chinanditsegula pakamwa ndi magazi anga okha. Ngati muli ndi chinthu chomwe munachikwirira, ndipo mukudziwa kuti wina akuchiyendera pamwamba, musadikire kuti pakwere mwana wanu.

Pali chinanso chomwe palibe anandifunsapo, ngakhale apongozi. Mwezi watha ndinapita kwa wogulitsa wamimba uja kukafunsa kumene anaitenga galimotoyo. Anati inali ya mayi wina wa sukulu ya mkaka kumudzi wakutali, amene anaiyendetsa zaka zitatu. M'mawa uliwonse ankanyamula ana khumi ndi awiri, kuwolokera nawo pamlatho wamatabwa.

Zaka zitatu zonsezo ine ndinkadya bwino, ndinkagona tulo, ndipo sindinafunsepo n'kamodzi komwe kuti galimoto ija ili ndi yani.